Satifiketi ya a Mose

Chilekwa anayala mapepala ake pa tebulo lodulirapo nsalu, a Maliki ataima pambali ndi sizasi m'manja kudikira kuti awabwezere malo awo. Pepala lililonse ankalitembenuza, n'kuchonga pa mndandanda wake ndi bolopeni yofiira.

"Kalata yolembetsera kampani ilipo. Ya ku banki ilipo. Ya chipukuta misozi cha antchito akavulala ilipo. Mitengo tinamaliza. Maovolosi atatu achitsanzo, a Maliki?"

"Anasokedwa mwiniwake adakali moyo," anayankha a Maliki.

"Sharp. Manje amayi, chasala ni chimodzi chabe. Satifiketi ya msonkho. Ija yeniyeni, osati fotokope."

Veronika anali atakhala pa belo la nsalu ya buluu, manja atawabisa m'juzi. Anamva kuti akumufunsa, koma masiku amenewo mawu ankamufika ngati wailesi ya nyumba yoyandikana. Panali patangotha masiku asanu chibwerereni kuchokera ku Ntcheu, kumene anakaika amuna ake, a Mose. Sanalire kuchipatala, sanalire m'njira yonse ya masiku awiri, kumanda nakonso anangoyang'ana dothi likutsika. Amayi a kumudzi ananong'onezana kuti Joni inamuumitsa mtima. Iye anawamva, koma ngakhale zimenezo sizinamupweteke.

"Ili m'chikwama cha bambo a Millicent," anatero.

"Chikwama chili kuti?"

Rozina, amene ankasoka pa makina a pafupi ndi zenera, anachotsa phazi pa chopondera.

"Chinapita ndi maliro," anatero. "Tinalongedza ndife."

Sanalakwe. Munthu akafera ku Joni sabwerera kwawo yekha. Amayi a bungwe la maliro la anthu a ku Ntcheu anabwera kunyumba kwa Veronika n'kusonkhanitsa chilichonse chimene a Mose anachigwirapo: nsapato, wailesi, malezala, ngakhale chipewa chong'ambika chimene ankavala popenta. Zonse zinakwera m'ngolo ya galimoto pamodzi ndi thupi, kuti abale akaone ndi maso awo kuti mkazi sanabise kanthu. Chikwama chakuda chokhoma chija chinali pamwamba penipeni. Veronika anachiona chikukwezedwa monga anaonera zina zonse, osaganiza kanthu.

Chilekwa anavula magalasi n'kudzitikita m'maso. Anali bambo wa ku Lusaka, wadazi losagwirizana ndi zaka zake, ndipo ankadya za kudzazira anthu mafomu ofunsira malonda ku boma.

"Eish. Amayi, bokosi la tenda ku Pretoria atseka Lachisanu, 11 koloko m'mawa. Lero ni Lolemba. Popanda pepala ija, envelopu yathu saiwerenga, olo mitengo ikhale yabwino bwanji."

Tenda imeneyi ndi yokhayo imene inali itawatsalira. Kwa zaka zisanu ndi zinayi Mvai Workwear, kampani imene a Mose ndi Veronika anaitcha dzina la phiri la kwawo, inkasokera maovolosi sitolo ina yaikulu ya m'tauni. Kumayambiriro kwa chaka chimenecho cha 2005, sitoloyo inayamba kugula obwera pa sitima kuchokera ku China, n'kuwatsanzika ndi kalata ya mizere itatu. Makina asanu ndi limodzi a m'chipinda cham'mwamba ku Jeppestown anayamba kulira mosinthana. Mwini nyumba naye anakumbutsa kuti pangano la malowo litha kumapeto kwa Ogasiti, ndipo ofuna kulowamo alipo. Ndiye kunamveka kuti unduna wina ukufuna maovolosi zikwi zinayi pachaka, kwa zaka zitatu, a anthu osesa m'maofesi a boma. Kuipeza tendayo, Mvai ikhalapo. Kuiphonya, atseka.

Koma boma la kuno silingogula batani, limayamba lafunsa kumene anabadwira agogo ake a batanilo. A Mose anatha miyezi isanu akukonzekera. Analembetsa antchito onse anayi, anagula chozimira moto, anapenta mizere yachikasu pansi, anakhoma chikwangwani cholozera khomo lothawirapo ngakhale khomo linali limodzi lomwelo. Ankayenda ofesi ndi ofesi atavala jekete lawo lotuwa, akutsokomola chifuwa chimene anachitenga ku mgodi, ndipo asanatuluke pakhomo ankadzisisita kawiri kumanzere kwa chifuwa monga ankachitira masiku onse. Satifiketi ya msonkho, yonena kuti kampani ilibe mlandu ndi boma, inatuluka komalizira, kumayambiriro kwa Juni. Pasanathe masabata atatu chifuwa chija chinawatenga.

Veronika anatsika masitepe, n'kukagula khadi loimbira kunja pa kashopu ka pakona. Anaimbira Jimmy, mng'ono wa a Mose. Jimmy anayankha pa foni ya malemu, chinthu chokhacho chimene sichinadikire kuti abale akhale pansi.

"Alamu, kwacha bwanji ku Joni?"

"Kwacha. Chikwama chakuda cha achimwene anu ndikuchifuna kuno pofika Lachinayi. Muli pepala la boma."

"Alamu, mwambo mukuudziwa. Katundu wa malemu sakhudzidwa mpaka abale atakhala pansi. Atsibweni anati mwezi wa mawa."

"Ndikufuna pepala limodzi lokha."

"Kiyi muli nayo ndinu komweko. Mukufuna ine ndithyole chikwama cha munthu amene dothi lake silinaphwe? Ndiponso anthu kuno akuti mapepala a kampani ali momwemo. Akuti mukangowagwira, dzina la achimwene lifufutidwa, ife n'kutsala kukamwa kuli yasa."

"Akutero ndani?"

"Anthu."

Veronika anayang'ana tsidya lina la msewu, pamene amuna awiri ankawongola chitseko cha galimoto ndi nyundo. Mphindi za pa khadi zinali kutha.

"Nyumba ya malata ija mukuifuna?"

Kumbuyo kwa Jimmy kunkamveka nkhuku ndi mwana akulira.

"Lowanimo ndi ana anu," anapitiriza Veronika. "Sindidzaifunsanso. Inu mungopereka chikwamacho kwa a Sidi, dalaivala uja, adutsa pa Ntcheu mawa m'mawa."

"Alamu, mukunena zoona, kapena ndi chisoni chikukulankhulitsani?"

"Itanani atsibweni, ndibwereze iwo akumva."

Anabwerezadi. Nyumbayo anaimanga zaka zisanu ndi ziwiri, chipinda chimodzi Khirisimasi iliyonse. Mafelemu a mazenera anasankha yekha, n'kuyenda nawo pa basi atawakulunga m'bulangete. Ndi mmene iye ndi a Mose ankati adzakalambira. Anaipereka monga mmene munthu amaperekera mbale kwa mnzake pa chakudya. Pokwera masitepe anadikira kuti chimupweteke, koma sichinabwere.

Lachiwiri anapita ku ofesi ya msonkho kukaona ngati angamupatse satifiketi ina. Anaima pa mzere kuyambira 7 koloko mpaka dzuwa litafika pamutu. Mayi wa pa zenera sanali woipa mtima. Anamupepesa za maliro, kenako anafotokoza kuti popeza woimira kampaniyo m'mabuku awo anali malemu, pafunika kaye kalata ya ku khoti yonena amene akuyang'anira chuma chamasiye. Ikabwera imeneyo asintha dzina, akasintha dzina afufuza, akafufuza apereka. Masabata asanu ndi limodzi, zikayenda bwino. Veronika anathokoza n'kutuluka.

Lachitatu lonse linathera pa kusaina. Buku la tenda linali la masamba makumi asanu ndi awiri, ndipo tsamba lililonse linafuna zilembo za dzina lake pakona, za inki yakuda.

"Mukalakwitsa musafufute," anatero Chilekwa. "Mudule mzere umodzi, musaine pambali. Boma silikonda munthu wofufuta."

"Nanga pamene alemba kuti eni kampani?"

"Kampani simafa, amayi. Tilemba kuti mmodzi anamwalira, tiikamo kalata ya imfa. Izo sizivuta. Chovuta ni pepala ija chabe."

Veronika anasaina. Pofika tsamba la makumi atatu dzanja linkayenda lokha, ndipo dzina lake linayamba kuoneka ngati la munthu wina.

Sidi, dalaivala wonyamula katundu pakati pa Mangochi ndi Joni, anafika Lachinayi cha m'ma 4 koloko madzulo. Maso anali psuu ndi tulo ta m'njira, chikwama atachikulunga m'thumba la feteleza.

"Apolisi a pa msewu anafuna kuchitsegula," anatero. "Nditawauza kuti n'cha malemu anachisiya okha. Alamu anu akupereka moni. Ndawapeza akusamutsa mphasa."

Onse anasiya ntchito n'kuzungulira tebulo. Veronika anatenga kiyi mu dirowa ya mabatani, n'kutsegula. Munatuluka fungo la mafuta amene a Mose ankapaka pachifuwa. Pamwamba panali khadi lawo la ku mgodi la 1979, lokhala ndi chithunzi cha mnyamata wa makutu akuluakulu. Kenako chithunzi cha m'chifuwa cha ku chipatala, makalata a mwana wawo Millicent ochokera ku sukulu ya unamwino, buku la nyimbo, malisiti omanga ndi mphira. Pansi penipeni panali satifiketi ya msonkho. Chilekwa anaitola msanga, n'kuipenyetsa ku zenera.

"Iyi ni fotokope."

Anakhuthula chikwamacho, anachigwedeza, anapisa dzanja m'timatumba tonse, anasanthula buku la nyimbo tsamba ndi tsamba. Munagwa tikiti ya basi yakalekale basi.

A Maliki anali nkhalamba ya ku Machinga, yosoka chisokere mfumu zili zina, ndipo ndi amene anaphunzitsa a Mose kugwira sizasi. Anaika sizasi yawo pa tebulo pang'onopang'ono.

"Mayi, tsiku limene anakatenga pepalalo anavala chiyani?"

"Jekete lotuwa lija."

"Thumba lake la m'kati ndinasoka ndine. Lakuya, lotseka ndi batani. Majekete awo onse ankandisoketsa choncho." Anakhosomola pang'ono. "Jekete limenelo lili kuti?"

Onse analipo tsiku loona nkhope. Veronika anakumbukira bwinobwino. A kunyumba yokonzera maliro anaitanitsa zovala, iye anatsegula kabati n'kutenga limene linali kutsogolo. Polipinda anamva kanthu kouma kumanzere, kakuphwanyika pang'ono pansi pa chala. Anaganiza kuti ndi nsalu yolimbitsira ya m'kati. Kunena zoona, sanaganize kanthu.

Nanga akanaiwala bwanji? Anakhala ndi munthuyu zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. A Mose anali a nthawi ija munthu ankaimitsidwa pa msewu n'kufunsidwa kuti, "Upi lo pasi ka wena?" ndipo ukapisa m'thumba n'kusapeza chiphaso, unkakagona kumene sunakonzekere. Kwa iwo pepala la boma silinkakhala m'kabati kapena m'chikwama. M'chikwama munkakhala fotokope. Lenilenilo linkakhala pachifuwa, batani litatsekedwa. Veronika akawaseka kuti nthawi imeneyo inatha, ankangoti, "Vero, phukusi la moyo umasunga wekha."

"Ndiye kuti ili ku Ntcheu," anatero Chilekwa.

"Ili ku Ntcheu," anavomera Veronika.

Sidi anavula chipewa, anachivalanso, n'kutsika masitepe mwakachetechete. Amayi ena awiri osoka anabwerera pa makina awo koma sanawayatse. Veronika anayamba kubweza zinthu m'chikwama chimodzichimodzi, monga zinalili. Anaganiza za Jimmy akusamutsa mphasa, ndipo ganizolo linadutsa ngati basi ya njira ina.

Chilekwa anamukokera pakona, pafupi ndi chozimira moto, n'kutsitsa mawu.

"Amayi, madzi akatayika saoleka, koma kumpopi kuliko. Kuli munthu wina m'tauni. Mukamupatsa fotokope iyi, mawa m'mawa atulutsa yofanana ndendende. Pepala yake, mtundu wake, chidindo chake."

"Yabodza."

"Yabodza bwanji? Msonkho munalipira. Nambala ni yomweyo, tsiku ni lomwelo. Sitikunamiza munthu. Tikungobweza chinthu chimene chinalipo kale."

"Akazindikira?"

"Akazindikira, dzina la Mvai alilemba pa mndandanda wa oletsedwa, zaka mpaka khumi, mwina na police. Koma envelopu zimabwera mahandiredi. Ndani ali na nthawi?"

Veronika sanavomere, sanakanenso. Chilekwa anatenga fotokope ija n'kuilowetsa m'fayilo yake, iye akuona.

Lachisanu kunacha ndi chisanu choyera pa madenga. Pofika 8 koloko Chilekwa anali atafika, galimoto yake yakale ataisiya ikulira pansi kuopa kuti ikazima sidzukanso. Anatulutsa pepala m'fayilo n'kuliika pa tebulo la a Maliki, pambali pa fotokope ndi envelopu yaikulu ya tenda imene inali isanamatidwe.

Linali lokongola. Veronika analinyamula ndipo linalemera chimodzimodzi. Chidindo chinali pamalo pake, dzina la Mvai Workwear lili pakati. Likanakhala lopindika patatu ndi lofunda, akanalumbira kuti ndi lomwe lija.

"Ikani, timate, tizipita," anatero Chilekwa. "Msewu wa ku Pretoria m'mawa umadzaza."

Veronika anaimabe nalo. Anakumbukira kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya azungu ku Randburg, kumene anayamba ntchito ya m'nyumba atangofika mu 1992. Migodi inali itasiya kulemba Amalawi, ndipo a Mose anali atatha kale zaka zinayi opanda pepala. Ankalowa m'kachipindako mozemba, ankatsokomolera mu pilo kuti a dona asamve. Tsiku lina kunabwera munthu ndi chiphaso cha dziko lino, chokhala ndi chithunzi cha a Mose koma dzina la Chishangani. Anzawo ambiri anali atagula, ndipo ankayenda m'tauni chifuwa chili patsogolo. A Mose anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kuchibweza. "Aikona," anatero. "Likandigwira boma, lindigwire ndili ine." Anabisala zaka zina zinayi, mpaka pamene boma latsopano linapereka mapepala enieni kwa anthu akale a ku mgodi.

Ndipo mu Juni muja, tsiku limene anabwera ndi satifiketi, anakwera masitepe akupumira m'mwamba, anakhala pa belo lomweli, n'kumuwerengera mokweza mzere ndi mzere. "Wamva, Vero? Boma lomwe linkandithamangitsa lija lalemba lokha kuti ndilibe mlandu." Analipinda patatu, analilowetsa, n'kutseka batani.

"Mayi," anatero Rozina kuchokera pa zenera. Sanatembenuke. "Pepala ndi pepala. Ine ndili ndi ana atatu ku Ivory Park. Chilungamo sachithira m'poto."

"Ndikudziwa, Rozina."

"Ngati mukudziwa, ikani."

Rozina ankanena zoona, Chilekwa nayenso ankanena zoona. Veronika sanamve kulimba mtima kulikonse. Sanamve kuti akuchita chabwino. Anangoona kuti dzanja lake, limene linasaina masamba makumi asanu ndi awiri osafunsa, likukana kupita ku envelopu. Anabweza pepalalo kwa Chilekwa.

"Ndipatseni pepala losalemba."

Analemba ataimirira, m'Chingerezi chake cha ku Randburg. Bwana, satifiketi yeniyeni ilipo koma sindingathe kuibweretsa. Ili m'thumba la jekete la mwamuna wanga, amene tinamuika m'manda pa 2 Julayi ku Ntcheu, m'dziko la Malawi. Ndaikamo fotokope yake ndi kalata ya imfa. Anasaina ndi inki yakuda, anaika zonse mu envelopu, n'kumata yekha.

"Amayi, mwataya petulo wanga," anatero Chilekwa. Komabe ananyamula maovolosi achitsanzo aja n'kutsogola.

Anafika ku Pretoria kutatsala mphindi makumi awiri. Bokosi la tenda linali lachitsulo, pakhonde la nyumba ya unduna, mlonda ataima pambali pake akuyang'ana wotchi. Anthu a masuti ankathamanga ndi maenvelopu, wina mpaka anataya nsapato pa masitepe. Veronika anaponya yake. Inagwera m'kati ndi kaphokoso kochepa kwambiri.

Itakwana 11 koloko mlonda anatseka pakamwa pa bokosilo. Onse analowetsedwa m'chipinda china kumene maenvelopu ankatsegulidwa poyera. Bambo wina ankawerenga maina, mayi wa magalasi pambali pake akuyang'ana ngati mapepala ofunika alimo, n'kumaika okwanira kumanja, operewera kumanzere. Mulu wa kumanzere unali waung'ono.

"Mvai Workwear."

Veronika anamva dzina la phiri la kwawo likutchulidwa mokhota m'nyumba ya boma. A Mose akanakonda kulimva. Mayi wa magalasi anatsegula masamba, anaima, anawerenga kalata ija, anaiwerenganso. Anakweza maso n'kuyang'ana m'chipindamo mpaka anapeza duku lakuda la Veronika kumbuyo. Anayang'anizana kanthawi. Kenako mayiyo anawongola kalatayo bwinobwino ndi chikhatho, anaibweza mu envelopu, n'kuiika kumanzere.

Potuluka, mayi wa magalasi uja anamupeza pakhonde.

"Ndinu a Mvai, mama? Pepani kwambiri. Lamulo likuti yeniyeni. Ine ndilibe mphamvu."

"Ndikudziwa. Zikomo powerenga."

Anafika ku Jeppestown cha m'ma 2 koloko. Chilekwa anamutsitsa pa geti, ndipo asanachoke anang'amba pepala lokongola lija tizidutswa n'kutitaya mu ngalande. "Tenda zina zizabwera," anatero, koma ananena akuyang'ana chiwongolero.

Pamwamba makina awiri ankalira. Atamuona analeka. Veronika anaima pakati pa mizere yachikasu ija n'kunena zonse mosazungulira. Envelopu yaikidwa kumanzere. Kumapeto kwa Ogasiti atseka. Ntchito zing'onozing'ono zimene zilipo azimalize. Aliyense adzatenge makina amene amasokerapo, akayambire pamenepo kwawo.

"Rozina, ako ndi atsopano kuposa onse. Ku Ivory Park mayunifolomu a sukulu amafunika."

Rozina sanathokoze, sanamuyang'anenso. Ankangokoka ulusi pa chala, kuukulunga ndi kuumasula.

Veronika anakakhala pa belo lake lija. Nyumba inali itapita, tenda itapita, Mvai inali kupita. Anaziwerenga m'mutu ngati mayina a masiteshoni, ndipo m'kati mwake munali zii monga munalili kuyambira kuchipatala. Anayamba kuopa kuti mwina adzakhala choncho mpaka kalekale.

A Maliki anali akupukuta sizasi yawo ndi kansalu. Analankhula osayang'ana munthu.

"Ku chipembedzo chathu amati munthu akangoikidwa, anthu n'kubalalika, kumabwera omufunsa mafunso. Ine zimenezo zimandiopsa, mayi, sindinama. Koma mnzanga uja moyo wake wonse ankaopa chinthu chimodzi, kuimitsidwa alibe pepala." Anapukutanso sizasi. "Awa akawafunsa, angomasula batani."

Veronika anawaona a Mose. Anawaona atagona mwaulemu m'jekete lotuwa, akudzisisita kawiri kumanzere, akutulutsa pepala lopinda patatu n'kuyamba kuwerenga mokweza mzere ndi mzere, ofunsawo ataima kudikira kuti amalize. Kuseka kunamutuluka kokha, kouma, konga kutsokomola. Anagwira pakamwa koma sikunaleke. Kenako sikunalinso kuseka. Kunachokera pansi pa mimba, kunamupinda pakati, ndipo analira mokweza monga amalirira amayi a kwawo, akuitana mwamuna wake ndi dzina limene sanawaitanepo pamaso pa anthu. Zinamupweteka zonse nthawi imodzi, mazenera a nyumba ija, masitepe, pilo wa ku Randburg, kanthu kouma kaja pansi pa chala chake.

Rozina anakhalabe pa zenera nthawi yaitali. Kenako anadula ulusi ndi mano, anadzuka, n'kudzakhala pa belo pambali pake. Anamasula nsonga ya chitenje chake n'kumupatsa.

A Maliki anasonkhanitsa timapepala totsala pa tebulo lawo n'kutiika pamwamba pa chikwama chakuda. Atatero anayala nsalu ya maapuloni a kusukulu ya mkaka, amene ankayenera kuperekedwa Lolemba.